Loweruka la a Telala

M'nyumba ya a Telala, Loweruka linkayamba ndi polishi. Ankakhala pakhonde, nyuzipepala yakale atayala pansi, n'kumapukuta nsapato zawo zakuda ngati munthu wopita ku ukwati, chonsecho ulendo wake unali wa ku supamaketi ya kumapeto kwa msewu wawo. Ntchito yosoka anaisiya maso atayamba kuchita nkhungu, ndipo makina awo anali pakona atafundidwa nsalu, koma dzina la utelala linawakanirira ngati chitedze pa malaya.

Kale ulendowu ankayenda ndi akazi awo. Mayiwo atamwalira, udindo unagwera mwana wawo wotsiriza, amene iwo ankangomuitana kuti Mzime ngakhale anali mayi wapabanja pake, wogwira ntchito mu ofesi ya inshuwalansi. Mzime ankabwera pa galimoto, koma a Telala ankakana kukwera. Ankati miyendo ili ngati makina osokera, ukaisiya osaipalasa imachita dzimbiri. Choncho galimoto inkatsala pabwalo, awiriwo n'kuyenda wapansi, bambo patsogolo ndi chipewa chawo, mwana pambuyo ndi matumba.

Zogula zake sizinali zambiri: buledi, mkaka, masamba a tiyi, mazira, tomato, anyezi, kanyama pang'ono ndi sopo. Munthu wachangu akanalowa ndi kutuluka madzi a tiyi asanawire. Koma a Telala ankathera m'mawa wonse m'menemo. Pakhomo ankayamba acheza ndi mlonda, amene buluku la yunifolomu yake anamupindira ndi iwo. Kumalo a buledi kunali mayi wina wansangala amene diresi lake laukwati linatuluka m'manja mwawo. Ameneyo ankawasungira buledi wopsa bwino m'mbali, ndipo ankawauza za ana ake mmodzimmodzi mpaka wa kumsana. Akafika kwa bambo wogulitsa nyama ndiye kunkakhala phwete. A Telala ankatosa nyama ndi maso n'kufunsa ngati ng'ombe yake inapuma pantchito chaka chimodzi ndi iwo, wanyamayo n'kuyankha kuti vuto si ng'ombe koma mano a kasitomala. Nthabwala yake inali yomweyo Loweruka lililonse, koma ankaiseka ngati aimva koyamba.

Tomato ankasankha mmodzimmodzi, kumutembenuza ndi kumununkhiza. Akafika pa mavwende ankagogoda limodzi ndi chala, khutu ali chire, n'kumuuza Mzime kuti mayi ake ankadziwa vwende lakupsa pongomva kulira kwake. Pamzere wolipirira ankayang'ana misoko ya malaya a anthu n'kumanong'ona kuti telala amene anasoka kolala iyo anali ndi njala. Mzime ankamva zonsezi ndi khutu limodzi. Maso ankakhala pa foni, mtima uli ku zovala zosachapa ndi ana omwe ankamudikira kunyumba. Kwa iye Loweruka linali nsalu yochepa, ndipo bambo ake ankaidula mowononga.

Tsiku lina kutagwa mvula, a Telala anaterereka pakhomo pa sitoloyo n'kusupuka bondo. Silinali bala loti n'kupita nalo kuchipatala. Mlonda anawadzutsa, iwo n'kumaseka kuti pansi pawapatsa moni. Koma Mzime anapezerapo chifukwa chimene mtima wake unkafuna kalekale. Sitoloyo inali itayamba kulandira maoda pa foni n'kumatumiza katundu pa njinga yamoto. Atafika kunyumba anawauza bambo ake kuti kuyambira tsikulo asamavutikenso, zonse zizibwera pakhomo.

"Nanga tomato azindisankhira ndani?" anafunsa a Telala.

"Tomato ndi tomato, ababa. Mukufuna mudzathyoke chiuno chifukwa cha tomato? Mwagwira ntchito moyo wanu wonse, pano pumani."

A Telala anayang'ana bondo lawo nthawi yaitali. Sanali munthu wokonda kukhala mtolo pamutu pa mwana, ndiye anangoti ngati iye waona kuti n'zabwino, zikhale choncho.

Amuna ake a Mzime, munthu wosalankhula zambiri, anayesa kumuunikira. Anamuuza kuti akuluwo sapita kusitolo kukagula shuga, amapita kukaona anthu, ndipo shugayo ndi chonamizira chabe. Mzime anawayankha kuti n'zosavuta kulankhula kwa munthu amene sanakankhepo kangolo m'mawa wonse kumbuyo kwa nkhalamba yonunkhiza tomato. Achimwene ake a Mzime, omwe ankakhala kutali, anamuyamikira pa foni kuti waganiza mwamakono. Mawu amenewo ndi omwe anawasunga, a amuna ake n'kuwataya.

Poyamba zonse zinaoneka zosalala. Katundu ankafika pa nthawi yake, firiji inkadzaza kuposa kale, ndipo Mzime ankaonjezeramo zipatso ndi timadziti tomwe bambo ake sakanadzigulira. Koma wobweretsa katunduyo sankavula n'komwe chisoti chake. Ankatula matumba pakhonde, njinga ikulira, a Telala akamati amufunse za kwawo n'kuti atakhota kale pakona. Mzime nayenso, poti panalibe chomukakamiza, anayamba kudumphitsa. Loweruka lina kunali mpira wa mwana kusukulu, lina kunali ntchito yotsalira ya ku ofesi, lina anangotopa. Ankaimba foni n'kufunsa ngati katundu wafika, iwo n'kuyankha kuti wafika, zikomo, ndipo nkhani inkathera pomwepo. Panalibenso vwende loti liwakumbutse za mayi ake.

Kamodzi a Telala anavala chipewa n'kuyamba ulendo okha, koma mayi woyandikana nawo nyumba anamuuza Mzime, ndipo iye anawakalipira mwachikondi chowawa, kuti akufuna kumupha ndi nkhawa. Kuyambira pamenepo sanayesenso. Nsapato zakuda zinalowa kunsi kwa bedi n'kuyamba kutuwa. Masiku anayamba kufanana ngati mabatani a malaya amodzi, moti nthawi zina ankafunsa ngati lero ndi Lachitatu kapena Lamlungu. Akamufunsa Mzime kuti wanyama uja ali bwanji, iye ankati sakudziwa, poti nayenso anali atasiya kulowamo.

Miyezi inapita, chaka chinatembenuka. Tsiku lina Mzime atabwera anatsegula firiji n'kupeza tomato ataphwanyika yekha m'thumba, nyama isanamasulidwe n'komwe, buledi atamera ndevu zobiriwira. Bambo ake ankangomwa tiyi. Buluku linali litayamba kuwakhwepa m'chiuno, ndipo pochoka pampando kupita kukhomo ankagwira khoma. Dokotala atawapima sanapeze matenda oti n'kuwatchula dzina. Anangofunsa ngati akuluwo amayenda, komanso ngati ali ndi anthu ocheza nawo.

Loweruka lotsatira anabwereka njinga ya odwala, n'kulawirira kwa bambo ake. Anawauza kuti avale, akupita kokagula zinthu. Nkhope ya a Telala inawala ngati ya mwana. Anapempha jekete lawo labwino, ndipo m'njira monse ankakonza zokamuuza wanyama uja, kuti ng'ombe zake zapuma mokwanira, mwini mano wabwera.

Atafika anapeza sitolo ili ndi dzina lina ndi utoto wina. Inali itagulidwa ndi eni ake atsopano. Pakhomo panali mlonda wachilendo wa kampani ina, amene anangowalozera kolowera. M'kati munali mowala mothobwa m'maso, mashelefu atasinthidwa malo. Buledi anali m'mapulasitiki, atasanjidwa payekha popanda munthu kumbuyo kwake. Nyama inali yodulidwa kale, yokutidwa m'timbale, chilichonse ndi mtengo wake. Ngakhale tomato anali womangidwa m'matumba, wosati n'kumutembenuza. Mzime anakankha njingayo kuzungulira sitolo yonse, a Telala akuyang'ana nkhope iliyonse, ndipo nkhope iliyonse inkawadutsa ngati mpando.

Kumapeto, pafupi ndi mafiriji a mkaka, anakumana ndi mayi wina wachikulire akukolopa. Ameneyo anaima, n'kuwayang'anitsitsa, kenako anagwira pakamwa. Anali yekhayo wotsala mwa antchito akale. Anawagwira dzanja n'kunena kuti onse ankaganiza kuti anasamuka, ena mpaka ankati anatisiya. Mayi wa buledi uja, anatero, anapitiriza kupatula buledi wopsa m'mbali kwa masabata ambiri asanataye mtima. Eni atsopano atabwera anamuchotsa ntchito, ndipo anapita kukakhala kwa mwana wake, sakudziwa kuti n'kuti. Mlonda uja nayenso anachoka.

"Nanga mnzanga wanyama?" anafunsa a Telala.

Mayiyo anayang'ana pansi. Anati anadwala kanthawi kochepa n'kumwalira nyengo yozizira yapitayi, ndipo ali m'chipatala anafunsapo ngati pali amene anawaonako a Telala.

A Telala anavula chipewa n'kuchiika pamiyendo. Anthu ankangowalambalala ndi tingolo tawo. Mzime anawerama n'kuwafunsa ngati angakonde kuti atengeko kanthu, kaya zipatso, kaya mkaka, chilichonse chimene mtima wawo ukufuna.

"Munthu ndaseka naye zaka zonsezi wapita ine osakamutsanzika," anatero motsitsa mawu. "Tiye kunyumba, Mzime. Muno mulibe amene ndikumudziwa."

Anatuluka chimanjamanja. Panjira a Telala sanamudzudzule mwana wawo, ndipo kusadzudzulako ndi komwe kunamupweteka kwambiri. Kuchokera tsikulo Mzime sanaphonyenso Loweruka. Ankabwera, kuwaphikira, kuwayendetsa pang'onopang'ono mpaka pageti ndi kubwerera, ndipo thupi linabwererako pang'ono. Koma kusitolo sanapemphenso kupita. Masiku ano Mzime akamagula zinthu zake amatha msanga, monga ankafunira kale, ndipo akatuluka amakhala kaye m'galimoto osailiza, akuyang'ana anthu okalamba omwe akulowa pang'onopang'ono atagwirana ndi ana awo. M'mawa umene ankauona ngati wotayika ndi umene unkamwetsa bambo ake sabata yonse, ndipo iyenso ankamwa nawo osadziwa. Akuluakulu sananame pamene anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.