Makani a Nangozo ndi Chotupa cha M'bere

Kalekale, ana inu, m'mudzi mwathu muno munali mayi wina wamakani, dzina lake Nangozo. Anali wamng'ono ndithu, mwana mmodzi yekha kumsana. Tsiku lina akusamba kumtsinje anamva kanthu kolimba m'bere lamanzere, ngati njere ya nthudza. Kupweteka ayi, koma kuchokanso ayi.

Amayi akuluakulu anati, "Mwana wakugeyera pabere. Thowa ndi madzi ofunda, ukhale chete. Za m'mawere sauza mwamuna."

Anathowa, nathowa, nathowa. Mwana analeka kuyamwa, chimanga chinalowa m'nkhokwe, kenako bere linalo nalonso linayamba. Nangozo anafunsa, "Kodi mwana woleka kuyamwa amageyeranso bere?" Amayi aja anangoyang'ana kumbali.

Mukuganiza kuti Nangozo anakhala chete? Uja? Anapita kwa mwamuna wake Kamwendo, akusoka mphasa pabwalo, masana dzuwa likuswa mtengo. "Bambo, siyani mphasayo, gwirani apa. Ine ndili ndi mantha."

Anayenda wapansi mpaka kuchipatala cha mishoni. Dokotala atamuyeza anati, "Iyi ndi khansa. Tikachotsa mawere onse awiri, mwina mukhala ndi moyo."

Nangozo analira, sindikubisirani. Atatha kulira anati, "Chotsani. Mwana wanga mawere anathana nawo, chimene akufuna ndi mayi."

Atabwerera pachifuwa pali see, mudzi wonse unali manong'onong'o. Malume ake a Kamwendo anabwera kudzamutenga. "Mphwanga, tiye kwathu, tikakupezere mkazi wathunthu."

Kamwendo, munthu wosayankhulayankhula, anati, "Malume, ine ndinakwatira Nangozo. Mawerewo ankangomuperekeza."

Nanga Nangozo anafa? Anafa, inde, koma mutu uli mbuu, mano atatha m'kamwa. Anaberekanso mwana wamwamuna, mng'ono wake wa Nangozo n'kumuyamwitsira, ndipo mwanayo ndiye bambo anga. Kumtsinje Nangozo sankabisala. Ankavula, n'kuwaonetsa atsikana zipsera zake. "Mwaziona? Tsono aliyense agwire ake, ndione." Atsikana ankaseka mwamanyazi, koma ankagwira.

N'chifukwa chake kwathu kuno mkazi sabisa chotupa, ngakhale akhale mtsikana wa dzulodzuloli. Amanena tsiku lomwelo, ndipo mwamuna amasiya khasu n'kumuperekeza kuchipatala. Nangozo akanamvera zothowa zija, ine wokambane sindikanabadwa, ndipo pamene mwakhala inupo pakanamera udzu.