Chilembo Chimene Chinatayika pa Ulendo wa ku Kaŵiya

Kalekale, koma mafoni atafika kale m'midzi, panali abale atatu a mimba imodzi: Tadeyo, Filesi ndi Lufeyo. Iwo anapanga pulogalamu ya pa foni yoitanira ambulansi. Munthu akalemba dzina la mudzi, dzinalo linkalowa mu adilesi ya pa intaneti n'kukatulukira pa foni ya dalaivala.

Adilesi yotere sinyamula zilembo zonse. Chilembo cha ŵ chimasanduka %C5%B5, ndipo chikafika pamafunika kuchibwezera mmene chinalili.

Tsiku lina Esinati, mayi woyembekezera wa ku Kaŵiya, anayamba kutaya magazi. Mwamuna wake, bambo Njolinjo, analemba dzina la mudziwo molondola. Koma pa foni ya dalaivala panatuluka Kaiya, mudzi wina wa kutsidya kwa mtsinje. Ambulansi inapita kumeneko. Pamene inkafika ku Kaŵiya, azimayi anali atayamba kale kulira maliro a Esinati. Mwana wa m'mimbayo anapita limodzi ndi mayi ake.

Maliro atatha, bambo Njolinjo anapita kwa abalewo. Anawapatsa mpando koma anakana.

"Apongozi anga akundifunsa chinachitika," anatero. "Mmodzi wa inu, wolakwayo, abwere akawauze yekha."

Tadeyo ndiye anawonjezera ŵ pa zilembo zololedwa, poti zinkamuwawa kuona mayina a midzi akulembedwa molakwika. Sanauze aliyense. "Mbali yanga inatumiza dzina lathunthu," anatero.

Filesi ndiye analemba mbali yobwezera mawu. Inkabwezera mipata ya pakati pa mawu yokha, zizindikiro zina zonse n'kumazitaya. "Pamene ndinkailemba ŵ kunalibe, achimwene," anauza Tadeyo akulira. "Ndinapempha kuti tiyese kaye zonse bwinobwino, inu munati anthu akufa, nthawi palibe."

Lufeyo ndiye ankayendetsa ambulansi. Nambala ya bambo Njolinjo inali pa foni yake, ndipo ankadziwa kuti midzi iwiriyi anthu amaisokoneza. Sanaimbe. Anathamangitsa ambulansiyo mumsewu wamatope mpaka kutsala pang'ono kugubuduzika. "Ndinapita kumene foni inandiuza," anayankha chapansipansi. "Ndikanaima n'kumaimba, mukanati ndinachedwa."

Bambo Njolinjo anawayang'ana onse atatu, n'kunena kuti sachoka pakhomopo yekha.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, ndani mwa atatuwa ayenera kunyamuka kukagwada pamaso pa mayi ake a Esinati?