Sunthani Mphasa

Whiteson Zulu anabwera kuchokera ku mgodi wa malasha ku Wanki ali ndi chipewa chosavula ngakhale pamaliro, njinga yolira belu, ndi maganizo akuti khasu ndi la anthu osayenda. Ndalama zake anamangira mdadada wa zipinda zitatu kunja kwa boma la Fort Jameson, m'mbali mwa msewu wopita ku Nyasalande. Makoma anali a zidina, njerwa zosawotcha zija, denga la udzu. Chipinda china ankagonamo yekha, china munali Tomasi, telala wosoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye, ndipo chakumapeto munali Mainess, mayi wamasiye wa ana awiri, wogulitsa zitumbuwa pamsika.

Alendi akewo sanali ovuta. Mwezi ukatha lendi inkabwera yokha. Mainess ankazira pansi ndi kumata ming'alu ngati nyumbayo ndi yake, pamene ntchito ya mwininyumba inali kuimba belu basi. Koma udzu umakalamba, ndipo dzinja lina denga linayamba kudontha.

"AZulu, pamene ndimagona pakudontha," anatero Mainess.

"Sunthani mphasa, mayi. Chipinda chonsecho, mwasankha kugona podontha pomwepo?"

"Ndasuntha mpaka ndafika pakhomo."

"Ndiye kuti mukupuma mpweya wabwino."

Pali eni nyumba ena amene makutu awo amatseguka tsiku lolandira lendi lokha. Masiku enawo ukamawauza za denga, amakuyang'ana ngati ukuwapempha mkazi.

Chilimwe chitafika, Mainess anatopa kudandaula. Anagwirizana ndi Whiteson kuti iye apeza udzu, mwininyumba alipira wofolera. Anapita kwawo ku Kasenengwa, namweta udzu ndi azichemwali ake mpaka manja kuchita matuza. Mitoloyo inabwera pangolo ya mlamu wake, nkuunjikidwa kuseri kwa nyumba kudikira wofolera.

Chaka chimenecho nkhondo ya azungu inali itayamba, ndipo msewu unadzaza. Ena ankaperekeza ana awo ku usilikali, ena ankadikira malole a ku Halale, onse nkumagona m'makonde a masitolo. Whiteson akadutsa m'mawa, mtima unkamupweteka. Sikuti ankawamvera chisoni ayi. Iye ankaona ndalama zikugona panja popanda mwini.

Posakhalitsa anayamba kuumba zidina tsidya lina la msewu. Mdadada wachiwiriwo unali wautali kuposa woyamba, wautali ngati bodza la munthu wochokera ku mgodi. Makoma anakwera, phaso linamangidwa, thumba nkuuma. Tsiku lina Mainess pobwera kumsika anapeza kuseri kwa nyumba kuli mbee, nkhuku zikupalasa pamene panali mitolo.

"AZulu, udzu wanga wamera miyendo?"

"Wanu? Unagona pabwalo la yani?"

"Pabwalo lanu, koma matuza ali m'manja mwanga."

"Ndangobwereka, mayi. Nyumba yatsopanoyo ikayamba kubala, kuno ndifolera ndi malata. Mudzagona ngati mkazi wa bwanamkubwa."

Tomasi, amene ankatsuka mkamwa pakhonde, analavula madzi nati, "Malata a pakamwa ndi abwino, aZulu. Sachita dzimbiri."

Udzu womwetedwa pofuna zipinda zitatu sungafolere mdadada wautali chifukwa choti mwini wake wavala chipewa. Unathera pakati, mbali inayo phaso lili yasa ngati nthiti za ng'ombe yakufa. Whiteson anapalasa njinga m'midzi kufunafuna wina, koma tchire linali litapsa kale, ndipo amene anali ndi udzu anali atafolera nyumba zawo ngati anthu anzeru. Munthu wina akanaima pamenepo, nkusasula udzuwo kuubwezera kumene unayenera kupita. Whiteson anakwera padenga la nyumba yakale, mbali yakuseri imene odutsa saiona, nayamba kusolola udzu wokalamba kuti akaphimbire yatsopano.

"Mukutivula tili maso?" anafunsa Mainess ali pansi.

"Ndikungopungulako. Denga lanenepa kwambiri ili. Komanso mvula ya kuno ndimaidziwa, sibwera msanga."

Tomasi sanadikire kuti aone ngati mvula imamudziwanso Whiteson. Anasenza makina ake osokera nkusamuka. Mainess anapirira mpaka tsiku limene ana ake anayamba kuwerenga nyenyezi ali chigonere. M'mawa mwake anamanga katundu, nakapeza kanyumba kwa mayi wina wokalamba pafupi ndi msika, kakang'ono koma kofolera bwino. Whiteson anangoti apite, alendi ali mbwee pamsewu.

Mvula sinafunse. Inayamba masana, sinalekeze, inasanduka mvumbi. Whiteson anasenza mtolo umodzi umene unatsala pa udzu wosolola uja, nathamangira ku nyumba yatsopano. Ali pamwamba, anaona madzi akulowa m'nyumba yakale, natsika ndi mtolo womwewo kuwoloka msewu. Atafika uko, anacheuka, naona khoma latsopano likuda ndi madzi, nabwereranso. Apaulendo aja, amene ankawaona ngati ndalama zake, anali pakhonde la sitolo, ouma, osalipira kanthu, akumuonerera ngati gule.

"Bambo, sankhani imodzi," anakuwa mmodzi.

"Zonse ndi zanga!" anayankha, matope ali m'maondo.

Zidina zikalawa madzi zimamwa ngati chidakwa. Khoma la mdadada watsopano linayamba kugwada, kenako linagona. Whiteson ali chiimire kuliyang'ana, kumbuyo kwake kunamveka phokoso, nyumba yakale nayo inakhala pansi, njinga ili mkati. Belu linalira kamodzi.

Chakumadzulo, mvula ikadagwabe, Mainess anamva odi pakhomo pake. Anali Whiteson, chipewa chitalendewera m'makutu ngati tsamba la dzungu lofota.

"Mayi, kumene ndingagone kulibe."

Mainess anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanali munthu wothamangitsa mnzake pamvula. "Mkatimu ndi mwa ine ndi ana. Khonde lilipo." Anamupatsa mphasa ndi chitumbuwa chotsala, natseka chitseko.

Sipanapite nthawi, mawu anamveka panja, ofatsa ngati a mkamwini watsopano.

"Mayi, pano pakudontha."

"Sunthani mphasa, aZulu."

Inu amene muli ndi nyumba ya lendi, musanaumbe chidina cha nyumba yachiwiri, kwerani kaye padenga la yoyambayo, ndipo mlendi akanena kuti pakudontha mumumvere, chifukwa madzi odonthera iye akudya khoma lanu. Whiteson anafuna kubisala kuwiri mvula ili imodzi, ndipo akale anali atanena kale kuti mapanga awiri avumbwitsa.