Thamanda Lopanda Mwini

Kalekale, agogo a agogo anu asanamere mano, kumtunda kuja kumene chisanu chimaluma ngati galu kunali dziwe. Mwati tili tonse? Nenani mokweza inu, sindikusimbira zitsa ayi. Iwe Ganizani, chotsa phazi pamotopo, ukapsa ndine ndikayankhe kwa mayi ako.

M'dziwemo munali matemba ndi chambo. Munalinso Nkhanu, mayi wamasiye wa ana khumi ndi awiri, tiana tosakhwima n'zigoba zomwe. Kumtunda kunali asodzi awiri, Kakowa wa miyendo yaitali uja, ndi Katumbu, chimkulu chonenepa, ndevu zili noninoni ndi mafuta. Woweruza nkhani anali agogo a Nkhasi, kamba wa m'madzi uja, amene ankawodzera mlandu uli pakati.

Tsono ikafika Juni, nsomba zonse zinkatsikira pansi m'matope, zii. Uponye mbedza m'mawa, uvuule madzulo, nyongolotsi ili yomweyo, mwina yanenepa kumene. Katumbu ankatha kusambira, inde, koma madzi ozizira ankadana nawo. Akangoviika chala chimodzi, thupi lonse njenjenje, basi abwerere padzuwa.

Tsiku lina Katumbu anatsikira kuchigwa kotentha. Patapita masiku anabwera atasenza mtsuko, ali wefuwefu, naitanitsa msonkhano.

"Abale anga," anatero Katumbu, "njala yatikwana. Ine pano masiku anayi osalawa kanthu, taonani nthiti."

Onse anayang'ana. Nthiti sizinaoneke, koma palibe ananena.

"Mumtsukomu muli nsomba zisanu za mcheni. Mcheni sadziwa chisanu. Mcheni sagona m'matope. Ukaponya mbedza, iye khapu! Ukaponyanso, khapu! Tizithire m'dziwe muno ziswane, njala ya Juni tidzangoyimva kwa anzathu. Paja akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa."

Kakowa anavina ndi mwendo umodzi. "Zoona achimwene, thirani!"

Nkhanu anakwera mtsukowo chammbalichammbali, kamwana kamodzi kali kumsana, nasuzumira. Nsomba imodzi inadzutsa mutu, inayang'ana kamwanako, niyasamula. Kalanga ine, manowo! Mzere pamwamba, mzere pansi, ngati minga ya mthethe. Nkhanu anatsika msangamsanga.

"Pepani a Katumbu, ndifunse nawo. Alendowa, pamene palibe mbedza, amadya chiyani?"

"Tizinyalala ta m'madzi."

"Tizinyalala take titi? Chifukwa ine ana anga ndi ochepa ngati tizinyalala tomweto."

"Mayi inu, mumawedza?" anakalipa Katumbu. "Muli ndi mbedza? Iyi ndi nkhani ya asodzi, osati ya anthu oyenda chammbali."

Kakowa anaseka. Agogo a Nkhasi anadzidzimuka, nati, "Ngati ambiri avomera, zithiridwe."

Apa mtima wa Nkhanu unagwa. Anadziwa kuti nsombazo zikangolowa m'dziwe, mwa ana ake khumi ndi awiri aja sadzatsala ndi mmodzi yemwe. Kulira kunali pafupi, koma misozi siibweza mtsuko.

Tsono mvetserani bwino apa, ndipo inu a Nachisale siyani kaye kutongola chimangacho. Nkhanu ndi munthu wokumba. Tsiku lina m'mbuyomo, pokumba una wake, anatulukira kuseri kwa bango, m'kathamanda ka kasupe, madzi ake ofunda bwino, pamwamba pataphimbidwa ndi masamba a kakombo. M'menemo anapeza chambo makumi atatu, chonona, chongogundana mitu. Mwini wake ndani? Katumbu yemweyo wa nthiti uja! Kuyambira nthawi ya mvula ankatola chambo m'dziwe la aliyense n'kumakabisa kumeneko, akuchidyetsa gaga m'mawa uliwonse. Chakecho ankachisunga, nafuna kuti njala yake ithere m'dziwe la anthu onse. Dyera, ana inu, dyera!

Katumbu atangopendeketsa mtsuko, Nkhanu anakuwa.

"Dikirani achimwene! Ndalakwa ine, nzeru yanuyi ndi yabwino. Koma mukufuna kupha alendo athu? Nsomba za kuchigwa zinazolowera madzi ofunda. Mukazikhuthulira m'chisanu muno, mawa tizipeza zayandama mimba kumwamba. Ziyambe zazolowera pang'onopang'ono, masiku asanu ndi awiri okha."

"Mayiwa anena zanzeru," anatero Kakowa. "Koma madzi ofunda tiwapeza kuti Juni muno?"

"Kuseri kwa bango uko ndinaonako kathamanda ka kasupe."

Ndevu za Katumbu zinaima.

"Thamandalo lili ndi mwini?" anafunsa agogo a Nkhasi.

"Kaya agogo," anatero Nkhanu. "A Katumbu ndiwo amayendayenda kumeneko, angadziwe ndi iwo."

Maso onse kwa Katumbu. Anene kuti ndi lake, munthu amene walumbira kumene kuti sanadye masiku anayi?

"Lilibe mwini," anatero.

"Nanga muli nsomba?"

"Mungakhale nsomba ine n'kumafa ndi njala chonchi?"

"Basi zatheka," anatero Nkhanu. "A Kakowa akhale mlonda kuopa akuba, usana ndi usiku. Inunso a Katumbu mukhale pomwepo, paja wobwera ndi mlendo samusiya yekha."

Anapita onse kuseri kwa bango. Katumbu yemwe ndi manja ake anakhuthula mtsuko, khuthu, nsomba zisanu zija n'kulowa pansi pa kakombo. Kakowa anaima chilili pa mwendo umodzi, diso limodzi lotseka, lina lili pamadzi. Katumbu anakhala pambali, ali ndwii.

Sipanapite nthawi. Pansi pa masamba panamveka khuvu!

"Chimenecho n'chiyani, achimwene?" anafunsa Kakowa.

"Akusewera."

Khuvu! Khuvu!

"Koma ndiye amasewera alendo anuwa."

"Ndi mtundu wansangala," anatero Katumbu. Mumtima anali kuwerenga chambo chake chotsala, makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

Tsiku lachiwiri, khuvu! Tsiku lachitatu, khuvu! Mutu wa chambo unayandama n'kufika m'mphepete. Katumbu anaulumphira naukhalira, phwatha.

"Mwakhalira chiyani pamenepo?"

"Palibe. Pano ndiye pofunda."

Anaukhalira tsiku lonse, minga ikumulasa, ntchentche zikumuzungulira, iye osasuntha.

Tsiku lachinayi Kakowa anaona misozi ikutsika m'ndevu za mnzake.

"Mukulira, achimwene?"

"Ndi chisanu ichi. Chimandilowa m'maso."

Tsiku lachisanu Katumbu analephera kupirira. Anaganiza zopulumutsa ngakhale chambo chimodzi, achibise m'kamwa. "Ndikawazonde alendo," anatero, nadumphira m'madzi, phava! Madzi anawinduka, masamba balala. Kenaka Katumbu uyo, vuu, watuluka akukuwa mayo, mphuno ili psuu, kumchira kwatsala chibuthu chopanda ubweya.

"Bwanji kodi?" anafunsa Kakowa.

"Amandipatsa moni," anatero Katumbu, akudzinyambita. "Kwawo moni wake ndi wotero."

Musaseke kwambiri, chifukwa Nkhanu sanali kuseka. Masiku onsewo ana ake anawatsekera mu una, mwala pakhomo. Kamng'ono kankafunsa, "Amayi, tituluka liti?" Iye ankangoti, "Mawa, mwanawe." Chakudya sichinkatsika. Ankadziwa kuti ngati Katumbu agwira pakamwa pake mpaka tsiku lomaliza, nsomba zija zilowabe m'dziwe, ndipo zilowa zitakula, njala itakulanso.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri linakwana. Anazivuula ndi dengu lalikulu, poti mumtsuko muja sizikanakwananso. Zinsomba zake, abale inu! Mimba zili tuu, misana ikunyezimira. Analikoka dengulo mpaka m'mphepete mwa dziwe.

"Taonani zodabwitsa!" anakuwa Kakowa. "M'thamanda mopanda kanthu, koma kunenepa chonchi! Izi zimakhuta madzi okha. Mayi Nkhanu, mantha anu aja anali achabe."

"Zithireni," anatero agogo a Nkhasi, akuyasamula.

Kakowa anagwira mkombero wa dengu. Katumbu anangoluma mano gwa, waganiza zofa nacho chinsinsi chake. Dengu linayamba kupendekeka. Mchira wa nsomba imodzi unakhudza madzi. Nkhanu anamva ngati chigoba chake chikusweka, koma anadzilimbitsa nakweza dzanja.

"Agogo, tisanathire, tithokoze kaye wogwira ntchito. Nsomba sizinenepa zokha. Azinenepetsa ndi a Kakowa awa, ndi ulonda wawo. Masiku asanu ndi awiri pa mwendo umodzi! Ine ndikuti nsomba yaikuluyo ikhale yawo. Ndipo thamanda lija, poti lilibe mwini, alitenge iwowa, likhale lawo ndi adzukulu awo."

"Aa, mayi, mwandilemekeza," anatero Kakowa, akuwongola khosi. "Kunena zoona, ndili nalo dzanja loweta."

Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Katumbu anaphulika.

"Dzanja loweta? Iwe? Chimlomo chakocho! Ulonda amadya? Nsombazi zadya chambo changa! Changa ine! Makumi atatu, chonona, ndinachisenza ndekha chimodzichimodzi, gaga m'mawa uliwonse kuyambira Januwale! Zatha psiti, osandisiyira ndi chimodzi chomwe! Mutu wokha ndi umene ndinaupeza, ndipo ndinachita kuukhalira! Lero mukuti thamanda langa mupatse uyu?"

Ngakhale agogo a Nkhasi tulo tinawathera, khosi linatuluka lonse m'chigoba.

"Si inu munati masiku anayi osalawa kanthu?" anafunsa agogowo.

Katumbu anayang'ana kumwamba, ngati kuli wina womuyankhira.

Kakowa anabweza dengu pang'onopang'ono, nalikhazika bwino pouma. "Taimani," anatero. "Nsomba zisanu. Masiku asanu ndi awiri. Chambo makumi atatu. Nanga zikalowa muno n'kuswana, pofika Ogasiti tidzawedza chiyani?"

"Mudzawedza zomwezi," anatero Nkhanu. "Zidzakudyerani nyambo bwino lomwe, a Katumbu sananame pamenepo. Koma zikadzatha matemba, zikadzatha chambo, zikadzatha ana anga, zidzayamba kudyana zokhazokha. Yomalizayo mudzaiwedza inu, mudzadya tsiku limodzi, kenaka mudzakhala mukuyang'ana madzi."

Kakowa analikankhiranso dengu kutali, kawiri konse.

Agogo a Nkhasi anagamula, ndipo tsiku limenelo anagamula ali maso. "Mcheni ndi wabwino pa mbedza, tamva. Ndi wabwinonso pamoto, tiona. Koma m'dziwe muno ayi. Njala ya miyezi iwiri timaidziwa, imapita yokha. Sonkhani moto."

Anaziwotcha zonse zisanu pomwepo. Mafuta ali tcherr pamakala, fungo mpaka kuseri kwa phiri. Anadya Kakowa, anadya agogo, anadya ngakhale achule odutsa. Katumbu anapatsidwa mitu isanu, mano ali waa, akumuseka ngakhale atapsa.

"Idyani achimwene," anatero Nkhanu, akumusunthira kachidutswa ka pamimba. "Musachite manyazi. Chambo chanu chili momwemo."

Iye mwini Nkhanu sanakhale pa phwandolo. Anathamanga chammbalichammbali mpaka kwake, nakankha mwala uja pakhomo. "Tulukani!" Tiana tija tinatuluka balala, tina m'matope, tina pamchenga, tina kukwerana pamsana. Mayiyo anawerenga, mmodzi, awiri, mpaka khumi ndi awiri. Anawerenganso kachiwiri. Pamenepo anangoti khathya pamatope, akuseka uku misozi ikutsika.

"Amayi, mwatani?" kanafunsa kamng'ono kaja.

"Palibe, mwanawe. Pita ukasambe. Pita mpaka pakati penipeni."

Kanapita, ndipo kanabwerako.

Yanga yathera pomwepa, wotsala ndi njala akaphule mbatata yake isanapserere. Koma inu akuluakulu amene mukunamizira kuwodzeranu, ndikudziwa mwamva. Munthu akabwera ndi chinthu chamano, n'kumati chithandiza tonse, musataye malovu kukangana naye. Muthokozeni, muombereni m'manja, kenaka mumuuze kuti chiyambe chagona kwake sabata imodzi.