Chaka Chimene Nankwenya Anazimitsa Moto

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, mitengo iyi isanalawe nkhwangwa yogula, munali mayi wina dzina lake Nankwenya. Senderani kuno, mvula ikulowa pakhondepa, ndipo ine zokuwa ndinasiya kale.

Mukuti lero mukuvutika? Nthawi imeneyo nkhalango inkafika pakhomo penipeni. Dzuwa ankangoliona masana, kanthawi kochepa, ngati mlendo wopempha madzi. Mvumbi ukati wayamba, unkayambadi. Mphasa kuola, denga kuola, mpini wa khasu kuola, chilonda cha pamwendo osapola chaka chathunthu. Ukatuluka, misundu. Ukalowa, linthumbu. Ukalambula njira lero, mawa yatseka. Mwamuna wa Nankwenya anali mkamwini wochokera kuchigwa kotentha. Anapirira, anapirira, tsiku lina anati akukafuna mchere. Mcherewo tikuudikirabe.

Koma chovuta kuposa zonse chinali mbewu. Kwina amakolola dzuwa likuswa mtengo, kuno timakolola m'chiperoni, ndipo chinthu sichiuma chokha. Mawere, nyemba, kachimanga kochepa kaja, ukangosiya pansi, chuku. Makolo anapeza nzeru imodzi yokha: utsi. Mbewu zonse za mbumba ankaziika pansanja pamwamba pa moto, m'nyumba ya mwana wamkazi wamkulu. Kuyambira pokolola mpaka pobzala motowo sunkazima, chitseko chinkakhala chotseka, nkhuni zake zonyowa, nanga youma ukanaitenga kuti? Mwana wamkazi wamkulu anali Nankwenya. Mbewu zinali kwa iye, utsi nawonso unali kwa iye.

Mwana wake woyamba anatsokomola, natsokomola, n'kupita. Wachiwiri chimodzimodzi. Ena anati ndi mizimu, ena anati ndi mfiti. Koma Nankwenya maso anali nawo. Mng'ono wake, Nachiwale, anali ndi anyamata awiri ogona m'nyumba yopanda mbewu, ndipo ankathamanga m'matope tsiku lonse osatsokomola n'kamodzi komwe. Wachitatu atabadwa, wamkazi, Nankwenya anamutcha Ndaziona. Chiperoni chitangofika, m'chifuwa mwa Ndaziona munayamba kulira ngati kamwana ka mphaka.

Nankwenya anapita kwa mng'ono wake uja.

"Iwe, chaka chino mbewuzi zikhale kwako."

"Achemwali, zayamba liti zimenezo? Mbewu zimakhala kwa wamkulu. Amayi anatero, agogo anatero."

"Ndiye lola mwanayu azigona kwako, ine ndizibwera kudzamuyamwitsa."

"Chifuwa chimenecho chatenga kale awiri. Mukufuna chilowenso mwanga?"

Musamuweruze msanga Nachiwale. Nayenso anali mayi, nayenso mantha anali nawo.

Nankwenya anabwerera kwake. Anayang'ana nsanja, anayang'ana mwana. Anayang'ananso nsanja, anayang'ananso mwana. Inu mukanatani? Ndikufunsa inu obereka ana kumbuyonu, mukanatani? Iye anatenga mtsuko wa madzi n'kukhuthulira pamoto, natsegula chitseko. Ankaphikira kuseri, pansi pa masamba a nthochi. Chifunga chinali chambiri moti panalibe anazindikira kuti denga lake lasiya kufuka.

Mumtima ankati ndi zamasiku ochepa. Mwana akapezako bwino, ankasonkhanso moto. Utsi ukangodzaza, mwana kuyambiranso, iye kuzimitsanso. Kusonkha, kuzimitsa, kusonkha, kuzimitsa, mpaka anatopa n'kulekeratu. Ndipo sanauze munthu, chifukwa Nankwenya anali wouma mutu, munthu woti akakanizidwa kamodzi sapemphanso.

Mwana anachira. Anachiradi, nayamba kukwawa, kuseka.

Nthawi yobzala itakwana, mbumba yonse inabwera ndi malichero kudzagawana mbewu. Atatsitsa nsanja, fungo lokha linawauza. Nyemba zinali phala. Mawere anali atamera n'kuolera pomwepo, chuku chili bii pamwamba. Nachiwale anakhala pansi.

"Achemwali, mwatipha."

"Ndinakupempha iwe."

"Munandipempha, inde. Koma munandiuza kuti mwazimitsa? Mukanandiuza, bwenzi nditazitenga!"

Kaya akanazitengadi, kaya ndi zolankhula za munthu madzi atatayika, ine sindidziwa. Ndipo Nankwenyayo akanamutani? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Anangosiya kumulankhula.

Njala imene inabwera sindifuna kuifotokoza yonse, mtima wanga ulibe mphamvu imeneyo. Midzi ina inali kuseri kwa phiri, mitsinje itadzaza, maulalo atakokoloka. Anthu anakumba mpama mpaka unatha, anadya zitsa za nthochi, anadya bowa amene kale ankamulumpha. Paja mvula ikakuona litsiro siikata. Anyamata awiri a Nachiwale aja, othamanga m'matope aja, anayamba kutupa miyendo. Wamng'ono anatsogola, wamkulu anatsatira mwezi usanathe. Pamaliro onse awiri Nankwenya anaima patali yekha, Ndaziona ali kumbuyo, wamoyo, akusewera ndi mkanda wa mayi ake.

Madzi atatsika pang'ono, Nankwenya anabereka mwana kumsana n'kulowa m'nkhalango osatsanzika. Anakwera phiri, nakasuma kwa anthu osawadziwa, kuwalimira, kuwasinjira, kufikira m'manja mutachita matuza. Anabwera ataonda ngati mtengo wouma wopanda masamba, dengu la mbewu lili pamutu. Analitula pakati pa mudzi. Ndiye anadula mitengo yekha, namanga kanyumba kakang'ono kuseri kwa nyumba yake, kansanja mkati, kamoto pansi, kopanda malo ogona munthu.

Moto wa m'kanyumbako anausonkha yekha moyo wake wonse. Akati timuthandize, ankakana. Mvula, chiperoni, kudwala, iye kukwawira momwemo ndi nkhuni zonyowa. Maso anafiira, anachita ng'ala, potsiriza anafa onse awiri, ndipo ankapapasa njira ndi ndodo kupita ku moto womwewo. Nachiwale anabzala mbewuzo, anadya za mbewuzo, koma pakhomo pa mkulu wake sanapondeponso. Mwana winanso sanabereke.

Ndaziona anakula, nabereka ana aakazi, ana aakaziwo nabereka ana. Ine ndinachokera mmenemo. Inu nonse mwakhala panonu munachokera mmenemo. Tsono mukandifunsa ngati Nankwenya analakwa, ndikuyankheni bwanji? Ife tikati sanalakwe, ndi moyo wathu ukulankhula. Oti akanatitsutsa sanabadwe, chifukwa makolo awo anagona ali tianyamata, pansi pa mibawa ija kumanda. Nkhaniyi ndaisenza kuyambira ndili ndi mano onse, ndipo imanditopetsa, imandiwawa, chaka chilichonse.

N'chifukwa chake kuno mbewu zili ndi nyumba yakeyake, ndipo mwana sagona mu utsi wa mbewu. N'chifukwa chake motowo timasinthana khomo ndi khomo, wamkulu ndi wamng'ono yemwe, osausiyira munthu mmodzi. Chimene wasungira abale chikakulemera, uime pabwalo unene, usazimitse mwakachetechete. Ndipo mbale wako akabwera kudzati ndilandire, usamuyankhe kuti amayi anatero, agogo anatero. Amayiwo sali pano, ali pano ndi iwe.

Mumafunsa chifukwa chimene tisanabzale timatapa mawere dzanja limodzi n'kukamwaza kumanda. Ndi chakudya cha anyamata awiri aja. Mayina awo anatayika. Ine ndinafunsa akuluakulu onse amene ndinawapeza, ndipo panalibe ngakhale mmodzi anawakumbukira.