Nkhunda ya a Kaliwo

Ananu, mawu ena timangowatola m'kamwa mwa makolo n'kumawaseka, osadziwa kuti adabadwa ndi misozi. Amene ndikuuzeni lerowa adayambira pa nkhunda imodzi ndi mkulu wina dzina lake Kaliwo.

A Kaliwo adakalambira kuchikamwini. Mkazi wawo, Nachisale, atamwalira, abale a malemuwo adawasudzula monga mwa mwambo. Nyumba idatsala, munda udatsala, ana nawonso adatsala m'manja mwa amalume awo. Zimene bamboyo adabwerera nazo kwawo ndi mphasa, lichero lakale, ndi nkhunda yotuwa imene Nachisale adailera pamanja, make wa nkhundayo atajiwa ndi mphaka. Mayiyo ankaiwazira mapira kutali kuchulu, kenaka n'kuiitana pogogoda licherolo, ndipo inkabwera ndi liwiro n'kudzatera paphewa pake.

Kwawoko adafikira kwa mlongo wawo, Nankhoma, amene ankaweta nkhunda zakezake m'khola lam'mwamba. Koma ya a Kaliwo sinkalidziwa khola. Inkaswera pakhonde, pamiyendo pa mbuye wake. Akakumbuka mkazi wawo, ankasenda mtedza, kuuphwanya ndi chala, n'kuidyetsa. Tsoka lake, ankamukumbuka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Nkhunda ija idanenepa mpaka khosi kusowa. Ikayenda pang'ono inkayasamula kukamwa, ili wefuwefu. Anthu odutsa ankaima n'kufunsa ngati ili nkhunda kapena bakha, ena n'kumanena kuti ndiwo zapsa kale, changotsala ndi mchere. A Kaliwo ankaseka nawo, koma Nankhoma sankaseka.

"Achimwene, mbalameyi mukuipha," adatero tsiku lina. "Gwirani pachifuwapa. Fupa lili kuti? Ndi mafuta okhaokha. Mtedzawu lekani. Muziipatsa mapira pang'ono m'mawa ndi madzulo, ndipo muzikaisiya kuchulu kuti izibwera yokha, monga ankachitira alamu anga."

"Mwanena zoona, achemwali," adayankha a Kaliwo. "Tiyamba mawa."

Ndisawanamizire, mawa lakelo adayesadi. Adabisa mtedza m'nkhokwe n'kuwaza mapira pabwalo. Nkhunda idawayang'ana mapirawo, n'kubwerera kudzajompha chikhatho chawo chopanda kanthu, ikulira chapansipansi. Apo mtima wa a Kaliwo udasweka. Nachisale adamwalira akukana chakudya. Mwamunayo ankamugwirira chikho cha phala pakamwa, iye n'kumatembenukira kukhoma. Tsono lero chinthu cha Nachisale chikupempha chokha kudya, iwo achimane? Dzuwa lisadafike pamutu, mtedza udali utatuluka m'nkhokwe.

Kuyambira pamenepo zifukwa sizidasowe. M'nyengo yachisanu adati mbalame yoonda singapirire mphepo, tidikire kutenthe. Kutatentha adati dzuwa ili lingaiwambe kuchuluko. Nankhoma akakumbutsa, yankho lidali lomwelo: ikadutsa sadaka ya malemu, tikatha kusosa, mvula ikagwa.

"Achimwene, mawa lanulo lidzafika inu mulibe choti muwongole," adatero Nankhoma. "Ine ndatopa, pakamwa panga pauma."

"Ndi yokhayi imene ndatsala nayo," adayankha a Kaliwo, maso ali pansi. "Mundilole ndiisangalatse pang'ono."

Tsiku lina m'mawa nkhunda ija idaterereka pakhonde n'kugwa chagada. Idapalasa miyendo m'mwamba, kulephera kudzitembenuza, mpaka a Kaliwo adaitola. Mtima wake unkagunda m'manja mwawo ngati ufuna kutuluka. Mantha amene mawu a mlongo wawo adalephera kuwapatsa adawagwira tsopano.

"Achemwali, lero ndiye lero," adatero. "Mtedza uja tengani, musinjire ndiwo."

Adainyamula mpaka kuchulu cha kuseri kwa nkhokwe, adaiika pamwamba, n'kubwerera pabwalo. Adatenga lichero la Nachisale, limene sadaligwirepo chifikire, n'kuyamba kugogoda. Nkhunda idatukula mutu. Idakumbuka! Idatambasula mapiko, idakupiza, idakupizanso, koma thupi lidakana kuchoka pansi. Idagubuduka kutsika chulu n'kuyamba kubwera chokwawa, chifuwa chikukhula dothi.

Nthawi yomweyo nkhuku zidalira mochenjeza, ndipo chithunzithunzi chidadutsa pabwalo. Idali mphamba, mbalame yogwira anapiye ija. Nkhunda za Nankhoma zidangoti phaa, zonse m'khola. Pamtetete padatsala imodzi yokha.

A Kaliwo adataya lichero n'kuthamanga akukuwa, koma maondo a munthu wokalamba, amenenso adazolowera kukhala pakhonde, adawapereka. Adagwa chafufumimba. Polephera kudzuka adayamba kukwawa. Nankhoma, potuluka m'nyumba, adaona zimene sadaziiwale moyo wake wonse: uku mbalame ili kwawukwawu kulunjika kwa mbuye wake, uko mbuye wake ali kwawukwawu kulunjika kwa mbalame, pakati pawo mtunda woti nkhunda yathanzi ikadaudutsa munthu asadaphethire.

Mphamba idafika poyamba. Idaibaya nkhundayo ndi zikhadabo pamsana, idayesa kunyamuka nayo, koma katunduyo adailemera. Idaikoka pang'ono n'kuisiya, ulendo. A Kaliwo adaipeza ikupumabe, ndipo idatsirizikira m'manja mwawo, m'manja momwe muja idadyeramo mtedza.

Adalira ngati maliro a Nachisale ayambiranso, ndipo kunena zoona adayambiradi. Nankhoma sadanene kuti ndinkakuuzani. Adangowadzutsa n'kuwasasa fumbi m'maondo.

"Mukadayamba tsiku lija, achimwene," adatero pambuyo pake, naye misozi ili m'maso, "bwenzi lero itauluka."

Anthu a m'mudzimo adawapatsa mkuluyo dzina loti Zengerezu, ndipo nkhani yawo idafupika n'kukhala mwambi umene mumaumva uja: Zengerezu adalinda kwawukwawu. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu wozengereza pa chinthu chimene akudziwa kuti n'chofunika amadikira mpaka zinthu zitafika poti sizingakonzekenso; zimene akadazichita ali chilili amadzazichita chokwawa, ndipo nthawi zambiri osaphula kanthu. A Kaliwo sadali waulesi, sadalinso wouma mtima. Mankhwala ankawadziwa, ndipo adali aulere. Chidawagwetsa ndi chifundo chimene chinkaopa kulira kwa tsiku limodzi.

Amati mpaka imfa yawo ankakhala pakhonde paja ndi lichero pamiyendo. Nthawi zina ankaiwala n'kuligogoda, kenaka n'kuyang'ana kuchulu.