Gologolo ndi Mfuti Yake Yolemera

Padangokhala, kalekale nyama zikadali kubwerekana moto, panali nkhalango ya masuku pakati pa mudzi wa Kumtunda ndi mudzi wa Kumunsi. Masuku akayamba kupsa, m'malo momenyana, midzi iwiriyi inkachita masewera owomberana utoto. Aliyense ankanyamula mfuti yotulutsa timipira ta utoto. Kampira kakakuphulikira pathupi, basi watuluka. Mudzi wa amene watsala wosadetsedwa ndi umene unkatola masuku chaka chimenecho. Enawo ankangomva fungo.

A Kumtunda ankadalira Gologolo. Mfuti yake inali yakale, yaifupi, yosuluka, koma mwini wakeyo liwiro lake musanene. Akawombera apa, walowa m'phanga. Mukamufuna m'phanga, ali panthambi. Zaka zitatu zotsatizana ana ake anadya masuku mpaka kutopa nawo.

Tsiku lina pamsika anakumana ndi Khwangwala, venda wa zida zowonjezera pa mfuti. Ana inu, pakamwa pa Khwangwala pankatsekemera kuposa katundu wake.

"Bwana Gologolo, katswiri ngati inu kumayenda ndi kanthu aka? Ikani mpope wautali uwu, muziwombera munthu ali kutsidya."

Gologolo anagula.

"Nanga mpope wautali wopanda galasi loonera patali? Akusekani, bwana."

Gologolo anagula.

"Nanga timipira tikakutherani pakati pa masewera? Chigubu ichi chimalowa tambirimbiri."

Gologolo anagulanso. Theka la mtedza umene anasungira dzinja linathera kwa Khwangwala, koma iye mtima uli mbee.

Panjira anapezana ndi mlamu wake Nkhwali, wa Kumunsi, nayenso akuchokera kumsika komweko.

"Mwagulako chiyani, alamu?"

Nkhwali anamuonetsa kamphira kakang'ono ngati mphete. "Mfuti yanga imataya mpweya. Dzulo ndikuyesa ndinamva kuti fiii polumikizira. Ndiye ndagula aka."

"Kokhako?"

"Kokhaka. Nanga yanu inkavuta pati?"

Gologolo anaganiza, anaganiza. "Sinkavuta paliponse. Koma taonani kukongolaku."

"Yakongoladi. Mwayesa kuthamanga nayo?"

"Zinthu zodula siziyesedwa, alamu."

Nkhwali anangoti chabwino, nkumapita.

Tsiku la masewera linafika. Mbidzi analiza wenzulo, nkhalango yonse pha, pha, pha. Fisi anatuluka ali wobiriwira, Njiri anatuluka ali wofiira, ena onse chimodzimodzi, mpaka panatsala awiri: Gologolo ndi Nkhwali. Ndisakunamizeni, Gologolo sanatsale chifukwa cha ukatswiri. Anangobisala kuseri kwa chulu, mfuti itamulemera.

Tsopano anayenera kusuntha, pakuti masuku a mudzi wonse anali m'manja mwake. Anathamanga. Timipira m'chigubu muja khotcho, khotcho, khotcho. Anaima. Zii. Anathamanganso. Khotcho, khotcho, khotcho.

"Ndakumvani, alamu," anatero Nkhwali ali muudzu.

Gologolo anaika diso pagalasi kuti amuone. Anaona tsamba limodzi lalikulu ngati lichero. Anasunthira kumanja, anaona nyerere yonenepa. Za Nkhwali ayi.

Apa mantha anamugwira. Anakumbukira phanga la mumtengo wa muwanga limene linkamupulumutsa zaka zonse. Analiyatsa liwiro, khotcho, khotcho, khotcho, nkudziponya m'phangamo. Mutu unalowa, mapewa analowa, koma mpope wautali uja unapingasa pakhomo. Lamba wa mfuti anamukola m'chiuno. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi, mchira wonse uli panja.

Nkhwali sanathamange nkomwe. Anabwera pang'onopang'ono ngati akupita kumadzi.

"Odi kuno, alamu."

"Alamu, chonde, mchira wokhawu ayi. Ndaupesa lero m'mawa."

"Ndiye ndiwombere pati? China chilichonse mwalowa nacho."

Pha. Mchira wonse chikasu chokhachokha.

A Kumunsi anavina mpaka fumbi koboo. A Kumtunda anachita kumukoka mchira Gologolo kuti atuluke, ndipo ngakhale iwo analephera kudziletsa, anaseka mpaka misozi.

M'mawa mwake a Kumunsi anayamba kutola masuku, madengu ndi madengu. Ana a Gologolo anakhala pamalire nkumasinthana galasi la bambo awo.

"Ababa, masuku aja abwera pafupi," anatero wamng'ono, akutambasula kadzanja kuti atole. Anagwira mphepo.

Gologolo anachita manyazi kwambiri, ndipo zinamupweteka kuposa kusekedwa kwa dzulo. Tsiku lomwelo anamasula zida zonse zija, nkuyamba kuyeserera ndi mfuti yake yaifupi. Koma masuku a chaka chimenecho anali atapita.

Nthano yanga yagona pamenepa. Ana inu, musanagule chowonjezera, yambani mwafunsa kuti chimene muli nachocho chikuvuta pati.